Kuchoka m'kalasi kupita ku masters: malangizo kwa ofuna kuphunzira za chiyankhulo, chikhalidwe ndi chilungamo m'sukulu

Aliyense amene anagwirapo choko pa sukulu ya pulayimale ya kumudzi akudziwa momwe kalasi ya Sitandade 5 imangotira zii. Mwafunsa funso la sayansi m'Chingerezi, ana onse akukuyang'anani, palibe dzanja lokwera. Mukalibwereza m'Chichewa, manja ali mbwee. Koma pakona pali ena amene ngakhale Chichewacho sichikuwafika, chifukwa kwawo amayankhula Chiyao, Chisena kapena Chilambya. Ngati zimenezi zimakusowetsani tulo, ndipo mukuganiza zokachita digiri yachiwiri kapena yachitatu kuti muzimvetse bwino, malangizo awa ndi anu. Ine ndinaphunzitsa zaka zingapo pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja, kumene ana ambiri amayamba Sitandade 1 akuyankhula Chiyao chokha, kenaka ndinabwerera pa desiki kukachita masters. Ndikulemba zimene ndikanakonda wina atandiuza ndisanadzaze fomu yoyamba.

Liyambe ndi funso, yunivesite ibwere pambuyo

Ambiri timayamba n'kufunsa kuti ndi yunivesite iti ikulandira anthu, kapena kuti thandizo la fizi lili kuti. Taimani kaye. Tengani kope, lembani zinthu zisanu zimene munaziona ndi maso anu kusukulu zomwe zinakuwawani mumtima, ndipo pa chilichonse mulembe kuti anapindula ndani, anatsalira ndani. Mawu oti chilungamo pa maphunziro amamveka aakulu, koma pansi pake pali funso lomwelo: sukulu zathu zikukweza mwana wa yani, zikusiya mwana wa yani, ndipo chiyankhulo, chipembedzo, umphawi, ulumali kapena kukhala mtsikana zikulowapo bwanji.

Nkhani zotere sizisowa kuno kwathu. Mwana wa ku Chitipa akhoza kuyankhula Chilambya kapena Chindali kunyumba, kumva Chitumbuka kumsika, n'kukumana ndi Chichewa ndi Chingerezi kusukulu, zonsezi asanakwane zaka zisanu ndi ziwiri. Mwana wosamva amene sanapeze malo ku Mua, ku Embangweni kapena ku Maryview amakhala m'kalasi ya mphunzitsi amene sadziwa chiyankhulo cha manja. Ku Dzaleka ku Dowa, ana a othawa kwawo amabwera ndi Chiswahili, Chifalansa, Chirundi ndi Chinyarwanda. Mu 2023 khoti lalikulu ku Zomba linagamula kuti n'kulakwa kubweza ana a chipembedzo cha Rasta m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo, ndipo wina angafunse kuti anawo akulandiridwa motani chigamulocho chitaperekedwa. Pali nkhani ya hijab m'sukulu za mipingo. Pali jando ndi chinamwali zimene nthawi zina zimawombana ndi kalendala ya sukulu. Palinso mnyamata wa ku CDSS amene wakhoza masamu ndi zaulimi koma alibe satifiketi ya MSCE chifukwa Chingerezi chamugwetsa.

Mukasankha nkhani imodzi, ichepetseni mpaka ikwane m'manja. "Chiyankhulo ndi maphunziro m'Malawi" ndi nyanja, simungaiwoloke m'zaka ziwiri. Funso loti mungaliyankhe limaoneka chonchi: kodi aphunzitsi a masamu a Sitandade 5 m'sukulu zitatu za zoni imodzi ku Machinga amasiya liti Chingerezi n'kulowa m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndipo ana amayankha motani akatero? Muli malo, muli anthu, muli chinthu choti mungachione ndi kuchimva. Yesani kulifotokoza funso lanu kwa agogo kapena kwa wapampando wa komiti ya sukulu m'chiyankhulo chawo. Akakufunsani kachiwiri kuti "ndiye mukufuna chiyani kwenikweni?", funsolo silinapse.

Dziwani kumene nkhaniyi yachokera

Musanawerenge azungu, dziwani mbiri ya kwanu, chifukwa aliyense amene mudzakumane naye kumudzi akuisenza mbiriyi ngakhale sangatchule zaka zake.

Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagwirizana kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko pamodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka, chimene chinkagwiritsidwa ntchito m'sukulu za kumpoto kuyambira nthawi ya amishoni a ku Livingstonia, chinachotsedwa m'kalasi ndi pa wailesi. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board yoyang'anira kalembedwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka Chichewa. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, Chitumbuka chinabwerera pa MBC, ndipo pambuyo pake Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga zinalowanso. Chaka chomwecho boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ana olembetsa anakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba mwachangu aphunzitsi ambiri osadutsa ku koleji. Mu Malichi 1996 unduna wa zamaphunziro unatulutsa kalata yoti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha kwawo. Kalatayo inabwera yopanda mabuku a Chiyao kapena Chisena, yopandanso maphunziro okonzekeretsa aphunzitsi, choncho m'malo ambiri Chichewa chinapitirira monga kale. Mu 1996 momwemo Chichewa Board inalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba, yomwe ntchito yake ndi ziyankhulo zonse za m'dziko muno. Kenaka lamulo la zamaphunziro la 2013 linanena kuti chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti Chingerezi chiyambire Sitandade 1. Mu 2016 kunabwera National Reading Programme, yophunzitsa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuwerenga m'Chichewa ndi m'Chingerezi.

Pambali pa zonsezi ikani malamulo aakulu a dziko. Gawo 26 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo ndi kutsata chikhalidwe chimene wasankha, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho, kuphatikizapo la chiyankhulo. Pakati pa zimene pepala limanena ndi zimene zimachitika m'kalasi, m'pamene pali munda wanu.

Pali chinthu chimodzi chimene ife oyankhula Chichewa sitikonda kumva, koma wofufuza ayenera kuchivomereza. Tili pawiri. Pamaso pa Chingerezi ndife oponderezedwa, koma pamaso pa mwana wa ku Nsanje kapena ku Karonga ndife amwayi, chifukwa chiyankhulo chathu chili ndi mabuku, chili ndi pepala lake la mayeso a MANEB, ndipo iye amalilemba pepalalo ngakhale kunyumba sachiyankhula. Kalembera wa 1998 anapeza kuti pafupifupi anthu 57 mwa 100 alionse ankayankhula Chichewa pakhomo, 13 Chinyanja, 10 Chiyao ndipo oposera pang'ono 9 Chitumbuka. Otsalawo si ochepa. Kafukufuku amene amati "chiyankhulo cha makolo" akutanthauza Chichewa chokha wabwereza tsankho lomwe amati akulimbana nalo.

Yang'ananinso kwa anansi. Ku Zambia Chinyanja ndi chimodzi mwa ziyankhulo 7 zovomerezeka m'sukulu. Ku Mozambique, pakati pa 1993 ndi 1997, anayesa kuphunzitsa m'ziyankhulo ziwiri, ndipo ku Tete chiyankhulo chimene anasankha chinali Chinyanja. M'zaka za m'ma 1990 Eddie Williams anayerekeza ana a ku Malawi, amene ankayamba sukulu m'Chichewa, ndi a ku Zambia, amene pa nthawiyo ankayamba m'Chingerezi. Anapeza kuti pa kuwerenga Chingerezi panalibe kusiyana kwenikweni, koma pa kuwerenga chiyankhulo cha kwawo ana a ku Malawi anali patsogolo kwambiri. Kafukufuku ameneyu muyenera kumudziwa, chifukwa amayankha mantha a makolo ambiri oti kuyamba ndi chiyankhulo cha kwathu kumapha Chingerezi.

Makalata akale a unduna, malipoti a amishoni ndi zolemba za boma la atsamunda mukazipeza ku National Archives ku Zomba. Masilabasi ndi mabuku a m'kalasi ali ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Pa ulendo umodzi mukhoza kufika konseku, n'kudzeranso ku laibulale ya yunivesite kukaona zimene anzanu analemba kale.

Owerenga poyamba

Yambani ndi akatswiri a konkuno: Pascal Kishindo, Edrinnie Kayambazinthu, Gregory Kamwendo, Al Mtenje ndi Alfred Matiki analemba zambiri za ndondomeko ya ziyankhulo m'Malawi. Kuchokera apo pitani kwa Neville Alexander ndi Kathleen Heugh a ku South Africa, Ayo Bamgbose wa ku Nigeria, ndiponso ntchito ya ku Ife imene Babs Fafunwa anatsogolera kuyambira 1970, momwe ana anaphunzira zaka 6 zonse za pulayimale m'Chiyoruba.

Za maganizo ozamirapo, simukufunika anthu khumi. Awiri kapena atatu akwana, bola muwamvetse. Paulo Freire wa ku Brazil anatsutsa maphunziro amene amatenga mwana ngati nkhokwe yopanda kanthu yongothiramo chidziwitso. Pierre Bourdieu wa ku France anaonetsa kuti chiyankhulo chimagwira ntchito ngati chuma, ndipo sukulu imalipira bwino ana amene anabwera nacho kale kuchokera kunyumba. Nancy Fraser amagawa chilungamo patatu: kugawana zinthu mofanana, kulemekezedwa monga momwe ulili, ndi kukhala ndi mawu popanga ziganizo. Jim Cummins anasiyanitsa chiyankhulo chochezera ndi chophunzirira, n'kunena kuti chachiwirichi chimatenga zaka 5 mpaka 7 kuti mwana achigwire, ndipo izi zikufotokoza bwino chifukwa chake mwana amene amalonjera bwino m'Chingerezi amagwa pa funso la sayansi. Powerenga aliyense wa awa, dzifunseni ngati zimene akunenazo zikugwira m'kalasi ya ana 100 okhala pansi pa mtengo. Pamene sizikugwira, lembani, chifukwa nthawi zambiri mfundo yanu yatsopano imabadwira pomwepo. Ndipo musachite manyazi kugwiritsa ntchito umunthu ngati maziko a maganizo anu, malinga muufotokoze mozama.

Kusankha pulogalamu ndi munthu wokuyang'anirani

Maphunzirowa sakhala ndi dzina limodzi. Kwina ali pansi pa sociology of education, kwina applied linguistics, kwina curriculum studies, kwina language and literacy. Musakopeke ndi dzina. Tsegulani mndandanda wa maphunziro ake, muone ngati muli kosi ya njira zofufuzira, kenaka muone aphunzitsi ake ndi zimene asindikiza m'zaka zisanu zapitazi.

Kuno kwathu yambani ndi University of Malawi ku Zomba ndi Mzuzu University. Kulikonse kumene mungasankhe, funsani ku National Council for Higher Education ngati pulogalamuyo, osati yunivesite yokha, ndi yovomerezeka. Ubwino wophunzira konkuno ndi woti sukulu zimene mukufufuza muli nazo pafupi ndipo banja simulisiya. Chovuta n'chakuti ambiri amaphunzira uku akugwira ntchito, ndipo zaka ziwiri zimasanduka zinayi.

Ku South Africa, University of Cape Town, University of the Western Cape ndi Wits zili ndi anthu olimba pa nkhani ya ziyankhulo zambiri m'kalasi. Mapepala anu ayenera kudutsa kaye ku SAQA, bungwe la kumeneko loona za masatifiketi, kuti awayese, zimene zimatenga nthawi, ndipo mwina adzakuuzani kuti muyambe ndi honours, maphunziro a pakati pa digiri yoyamba ndi masters. Mgwirizano wa SADC wa zamaphunziro, umene unasainidwa ku Blantyre mu 1997, umati ophunzira a m'maiko a SADC azilipira fizi ngati eni dziko, ngakhale mayunivesite amawonjezera kandalama ka alendo.

Ku Britain masters imatha chaka chimodzi, ndipo UCL Institute of Education ku London ili ndi pulogalamu ya social justice and education. Koma taonani kalendala. Nthawi yochita kafukufuku kumeneko imagwa pakati pa Juni ndi Ogasiti, pamene kuno a Sitandade 8 alemba kale mayeso, temu yachitatu ikutha ndipo sukulu zikutseka. Ngati funso lanu likufuna kukhala m'kalasi miyezi iwiri, chaka chimodzicho sichikukwanirani. Mwina musinthe funso likhale la zolembedwa ndi zokambirana, kapena musankhe pulogalamu ya zaka ziwiri. Ku America PhD imatenga zaka zisanu kapena kuposerapo, imayamba ndi makosi ambiri, ndipo ophunzira ambiri amalipiriridwa pothandiza kuphunzitsa kapena kufufuza.

Wokuyang'anirani ndiye amene adzakufikitseni kapena kukusiyani panjira. Mulembereni imelo yaifupi: ndinu ndani, mwaphunzitsa kuti, funso lanu ndi lotani, ndi nkhani iti imene iye analemba yomwe mwawerenga, ndipo ikugwirizana bwanji ndi yanu. Musatumize kalata imodzimodzi kwa anthu makumi awiri, amazindikira. Akakuyankhani, funani ophunzira ake akale muwafunse mwakachetechete kuti amabweza ntchito pakapita masiku angati. Safunsa anadya phula. Katswiri wotchuka amene amayankha pakatha miyezi itatu akuchedwetsani kuposa mphunzitsi wamba amene amawerenga mutu uliwonse ndi pensulo m'manja.

Ndalama ndi mapepala

Yambani chaka chathunthu nthawi isanakwane. Chevening, thandizo la fizi la boma la Britain, imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka ziwiri, ndipo mafomu ake amatsegulidwa cha mu Ogasiti a maphunziro oyamba chaka chotsatira. Pali Commonwealth Scholarship, Fulbright ya ku America, Beit Trust yomwe imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, Canon Collins Trust ya maiko a kummwera kwa Africa, Mastercard Foundation, ndi Mandela Rhodes ya achinyamata ofuna kuphunzira ku South Africa. Malamulo awo amasintha, choncho werengani a chaka chimenecho.

Transcript, pepala loonetsa magiredi a digiri yanu yoyamba, itengeni msanga. Pasipoti ionetsetseni kuti ili ndi moyo. Amene akulembereni makalata a umboni auzeni kutatsala mwezi, ndipo muwapatse funso lanu kuti asalembe zongoyamikira. Mayunivesite ambiri akunja amafuna kuti mupeze 6.5 kapena 7 pa mayeso a Chingerezi a IELTS, ngakhale ena amakhululukira amene anaphunzira digiri yoyamba m'Chingerezi, ndiye funsani musanalipire. Ngati muli pa ntchito ya boma, nkhani ya tchuthi cha maphunziro iyambeni kudzera kwa ahedi ndi ku ofesi ya maphunziro ya pa boma, ndipo kalata iliyonse musunge kope lake. Mu bajeti yanu muikemo ndalama ya kafukufuku payokha: mayendedwe, malipiro a wokuthandizani kumasulira, chojambulira mawu, ndi ulendo womaliza wobwerera kumudzi.

M'kalata yopempha malo, musalembe kuti mumakonda maphunziro kuyambira muli mwana. Fotokozani tsiku limodzi la m'kalasi mwanu limene linabala funso lanu.

Proposal

Proposal, kalata yofotokoza kafukufuku amene mukufuna kuchita, ikhale ndi vuto, funso lalikulu limodzi ndi ang'onoang'ono osapitirira atatu, zimene ena anapeza kale ndi mpata umene anasiya, njira imene mutsate, anthu ndi malo, kasamalidwe ka anthuwo, nthawi ndi ndalama. Onjezerani ndime yonena za inu mwini: ndinu wa chiyankhulo chiti, wa mpingo kapena chipembedzo chiti, mwamuna kapena mkazi, ndipo anthu a kumaloko adzakuonani ngati ndani. Mchewa wachikhristu wofufuza za madrasa ku Mangochi sadzamva zofanana ndi zimene angamve mwana wa pamudzipo.

Chilolezo: cha pa pepala ndi cha pa bwalo

Musajambule mawu a munthu aliyense komiti yoona za kafukufuku isanakuvomerezeni. Ku Zomba kuli UNIMAREC, ku Mzuzu kuli MZUNIREC, ndipo National Commission for Science and Technology ili ndi komiti ya dziko lonse yoona kafukufuku wa za chikhalidwe cha anthu. Amene akuphunzira kunja amafunika chilolezo cha yunivesite yawo ndi cha kuno. Zimatenga masabata angapo, ndiye muziwerengere.

Mukatero tengani kalata ku unduna kapena ku ofesi ya maphunziro ya pa boma, mudzere kwa PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale wa zoniyo, kenaka kwa ahedi. Ambiri amathera pamenepa, koma chilolezo chenicheni chili kwa komiti ya sukulu, kwa amayi a mother group ndi kwa amfumu. Pitani mukadzionetse, mukhale pansi, mufotokoze. Ine nditayamba kulemba mayina a ana oti ndicheze nawo, mbiri inafala m'mudzi kuti kwabwera bungwe lolemba ana oti lizilipirira sukulu, ndipo makolo a ana amene sindinawalembe anakhumudwa. Zinatheka kukonza pokhapokha amfumu ataitanitsa msonkhano, ine n'kunena poyera kuti ndine wophunzira, ndilibe thandizo lililonse, ndipo amene sakufuna akhoza kukana popanda chovuta. Mawu amenewa anenedwe tsiku loyamba.

Fomu ya chilolezo ikhale m'chiyankhulo cha anthuwo, iwerengedwe mokweza, ndipo wosatha kulemba adinde chala. Kwa ana pamafunika chilolezo cha kholo ndi kuvomera kwa mwana mwini. Mwana sakana pamaso pa mphunzitsi wake, choncho mufunseni mphunzitsi atatuluka. Konzekeraninso kuti mwana akakuululirani za nkhanza, mudzapita nazo kwa ndani, chifukwa zimenezo simungazisunge ngati chinsinsi cha kafukufuku.

Mukafika kusukulu

Sabata yoyamba musakhulupirire zimene mukuona. Mphunzitsi akaona mlendo ali ndi kope kumbuyo kwa kalasi, amaganiza kuti kwabwera woyendera, ndipo aphunzitsa m'Chingerezi chokhachokha kuyambira belu mpaka belu, zimene sachita masiku onse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bwerani tsiku ndi tsiku, thandizani kuchonga makope, imwani tiyi ndi anzanuwo mu staff room, mpaka akuiwaleni. Muwauze momveka kuti zimene mukulemba sizipita kwa PEA, ndipo musunge lonjezolo. Aphunzitsi ambiri amasakaniza ziyankhulo mwaluso kuti ana amve, koma amachita mobisa poopa kuti akuswa lamulo. Luso limenelo ndi limene mukufuna kuliona, ndipo siliyenera kumubweretsera munthu mavuto.

Chojambulira mawu chimodzi sichikwana m'kalasi yodzaza. Chimodzi chikhale pa mphunzitsi, china pakati pa gulu la ana, chifukwa zenizeni zimamveka m'manong'onong'o amene ana amamasulirana okhaokha. Mvula ikamagwa pa malata simujambula kanthu, ndiye dalirani kope. Tengani power bank, ndipo madzulo aliwonse musunge zojambulazo m'malo awiri. Lembaninso za kunja kwa kalasi: chiyankhulo cha pa asembule, cha pa bwalo la mpira, cha zikwangwani za pakhoma, ndiponso chilango chimene amalandira wogwidwa akuyankhula chakwawo, chifukwa m'sukulu zina mpaka pano amatchetcha kapena kusesa pa mlandu umenewu.

Pocheza ndi anthu, asankhe okha chiyankhulo. Ngati simuchidziwa, pezani wokuthandizani wa kumaloko amene si mphunzitsi wa anawo, mumulipire, mumuphunzitse za chinsinsi, ndipo mudzamuthokoze m'buku lanu ngati walola. Ana aang'ono sayankha bwino mafunso achindunji. Apatseni pepala lokhala ndi chithunzi cha thupi la munthu ndi makrayoni, apake mtundu umodzi pa chiyankhulo chilichonse chimene amadziwa, pamalo pamene akuona kuti chimakhala, kenaka afotokoze. Mwana akaika Chiyao pamtima, Chichewa pakamwa, Chingerezi m'dzanja lolembera, wakuuzani zambiri. Atsikana chezani nawo paokha.

Mudzakumana ndi makolo ambiri onena kuti chiyankhulo cha kwawo mwana akuchidziwa kale, kusukulu amutumiza kuti akatenge Chingerezi. Musawaone ngati osazindikira. Iwo akudziwa kuti popanda Chingerezi palibe MSCE, palibe yunivesite, palibe ntchito ya mu ofesi, ndipo akuona ana a anthu olemera akuphunzira m'sukulu zolipira momwe Chingerezi chimayambira ku mkaka. Akunena zoona za dziko limene akukhalamo. Ntchito yanu ndi kumva maganizo amenewa mpaka pansi ndi kuwalemba mwaulemu, ngakhale akusemphana ndi zimene munawerenga.

Pa za miyambo, dziwani malire anu. Zimene zimachitika ku dambwe, ku tsimba kapena ku ndagala zili ndi eni ake. Ngati ndinu wolowa, zimene munamva kumeneko si zanu zoti muike m'buku. Ngati simunalowe, musanyengerere mwana kuti akuululireni. Mafunso okhudza sukulu mukhoza kuwafunsa poyera kwa anamkungwi, angaliba ndi mafumu: nthawi imene mwambo umachitika, masiku amene ana amajomba, momwe amabwerera m'kalasi, ndi zimene akuluakuluwo amaona kuti sukulu siphunzitsa. Ambiri olemba za miyamboyi amafika ataweruza kale kuti ndi yolepheretsa maphunziro. Pamene pali zovulaza ana, zinenedwe mosabisa, koma mufunsenso chifukwa chake mwana amene amaloweza nyimbo ndi malangizo ambirimbiri m'masabata ochepa ku chinamwali amatchedwa wosagwira mutu m'kalasi.

Kutsitsa mawu pa pepala ndi kulemba

Ola limodzi la kalasi ya ziyankhulo zitatu likhoza kukudyerani tsiku lathunthu kapena kuposa kuti mulilembe lonse. Yambani mukadali kumudzi. Pulogalamu ya ELAN ndi yaulere ndipo imalola kuika mawu enieni pa mzere wina, kumasulira pa mzere wina. Lembani monga momwe munthu wayankhulira, osakonza galamala yake, ndipo muonetse pamene wasintha chiyankhulo.

M'buku lanu mawu a anthu aoneke m'chiyankhulo chawo, kumasulira kubwere pansi pake. Chifukwa chake ndi ichi. Mtsikana akati sayankha m'kalasi chifukwa cha manyazi, inu n'kulemba liwu limodzi la Chingerezi, wowerenga adzaganiza kuti vuto ndi khalidwe la mwanayo. Koma manyazi akhoza kukhala ulemu kwa mphunzitsi wamwamuna, kuopa kusekedwa akaphonya Chingerezi, kapena mwambo umene waphunzitsidwa atatha msinkhu. Mawu ngati ulemu, mwambo ndi nkhanza amafuna ndime yawoyawo. Mupatseni munthu wina wodziwa chiyankhulocho aone kumasulira kwanu.

Mayina a anthu ndi a sukulu asintheni, ndipo musamale ndi zizindikiro zina. Ngati m'zoni yonse muli hedi wamkazi m'modzi yekha, kunena kuti "mayi hedi" n'chimodzimodzi kumutchula dzina.

Ndime ikakukanikani m'Chingerezi, ilembeni kaye m'chiyankhulo chanu, mudzaona ngati vuto ndi mawu kapena ganizo lenilenilo. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Zotero yosungira zonse zimene mwawerenga, iyambeni tsiku loyamba. Pemphani kuti buku lanu likhale ndi chidule cha m'Chichewa kapena m'chiyankhulo cha kumene munafufuza, mayunivesite ena amalola. Pofuna kusindikiza, chenjerani ndi magazini amene amakulonjezani kutulutsa nkhani m'sabata imodzi mukalipira. Onani amene ali pa African Journals Online, monga Journal of Humanities ya ku Zomba, ndipo mufunse wokuyang'anirani.

Bwererani kumene munatenga mawu

Aphunzitsi a kumudzi aona ofufuza ambiri obwera ndi mafomu, osaonekanso. Musanamalize kulemba, bwererani ndi zimene mwapeza mukawawerengere aphunzitsi ku TDC, malo amene aphunzitsi a zoni amakumanirana, muwafunse ngati mwawamva bwino. Adzakukonzani, ndipo zokonzazo zilowe m'buku. Mukamaliza, lembani masamba awiri m'chiyankhulo cha kumaloko onena zimene munapeza ndi zimene sukulu ingayese popanda kudikira ndalama, monga kulola ana kukambirana m'magulu m'chiyankhulo chawo asanayankhe m'Chingerezi, kapena kupachika pakhoma mawu a sayansi m'ziyankhulo zitatu. Masamba ena awiri a m'Chingerezi apite ku ofesi ya maphunziro ya pa boma, ku Domasi ndi ku Centre for Language Studies. Ngati kuderako kuli wailesi ya m'dera, pemphani mphindi zochepa.

Msonkhano wa makolo mukonze pamodzi ndi komiti ya sukulu ndi amfumu. Lisakhale tsiku la msika, lisakhale Lachisanu masana kumene kuli Asilamu ambiri, ndipo isakhale nthawi yodzala kapena yopalira, chifukwa mudzayankhula ndi mipando. Ana amene munacheza nawo adzakhala atakwera kalasi, ena atasiya sukulu, ndiye pemphani ahedi ndi amayi a mother group akuthandizeni kuwapeza, kuti nawonso amve zimene zinatuluka m'mawu awo.